BISHOPU MACKENZIE NDI ANA AMASIYE A KU MAGOMERO

Mu mzinda wa Livingstone, mailosi owerengeka kucokera ku mathithi akuru a Zambezi amene eni dziko amawacha Mosi-oa-Tunya, ndiko kunena utsi wogunda, muli chalichi cakale ca mpingo wa Anglican cochedwa St. Andrew. Cinamangidwa m'zaka za 1910 ndi 1911, mzindawo ukali waung'ono. Anthu ambiri amapitirira pa khomo pace tsiku ndi tsiku osadziwa kuti mishoni imene inatuma bishopu woyamba wa mpingowo kuno inayamba nchito yace kutali kum'mawa, m'dziko limene lero ndi Malawi. Anthu oyamba amene mishoniyo inawasonkhanitsa sanali mafumu kapena eni cuma ai, koma akazi ndi ana olanditsidwa mu ukapolo, ndipo ambiri a anawo analibe atate kapena amai. Munthu amene anawalandira ndi kuwalera ndiye Bishopu Charles Frederick Mackenzie. Anakhala nao monga miyezi 6 yokha, koma mbiri yace iyenera kudziwika ndi mwana wa sukulu ali yense.

Ubwana Wace

Charles Mackenzie anabadwa pa 10 Epulo 1825 ku Portmore, m'dziko la Scotland. Iye anali mzime m'banja la ana ambiri. Atate wace anamwalira m'caka ca 1830, iye ali ndi zaka 5 zokha, kotero kuti anaulawa umasiye akali wamng'ono. Koma sanasowe womlera. Mlongo wace wamkuru, dzina lace Elizabeth, anamtenga monga mwana wace, namyang'anira pa maphunziro ndi pa makhalidwe omwe. Tikumbukire bwino cimeneci, pakuti munthu amene analeredwa ndi cifundo sakhalira kuiwala m'mene cifundoco cimakomera.

Kuyambira ubwana wace Charles anakonda masamu koposa maphunziro ena onse. M'caka ca 1844 analowa sukulu yaikuru ya ku Cambridge, ku England, ndipo pa mayeso otsiriza a masamu m'caka ca 1848 anakhala waciwiri mwa ophunzira onse. Cifukwa ca ici anamsankha kuti akhale mphunzitsi pa Caius College, pomwe anaphunzirapo. Anali munthu wamtali ndi wamphamvu, wokonda kupalasa bwato ndi masewera ena, ndiponso wofatsa ndi wosadzikuza. Atadzozedwa unsembe, masiku a Sabata analikupita ku mudzi wa Haslingfield kukatumikira anthu a kumeneko.

Ku Cambridge sanasowe kanthu. Anali nayo nyumba, cakudya, malipiro ndi ulemu. Koma mtima wace sunakhazikike. Anaona kuti anthu okhoza kugwira nchito yace ku England anali ambiri, pamene ofuna kupita ku maiko akutali anali owerengeka. Tsono m'caka ca 1855 anasiya zonsezo, napita ku Natal, ku South Africa, pamodzi ndi Bishopu Colenso. Mlongo wace wina, Anne, anamperekeza, ndipo pambuyo pace anadzanso wina, Alice. Anayamba nchito ku Durban, nasamukira ku Umhlali, kumene iye analikuyendera midzi ndi kupempheretsa, alongo ace nalikuphunzitsa ana.

Pempho la Livingstone

Caka comweco cimene Mackenzie anafika ku Natal, Dotolo David Livingstone analikuyenda m'dziko lathu lino. M'mwezi wa Novembala 1855 Amakololo a mfumu Sekeletu anamtengera m'bwato kukaona Mosi-oa-Tunya, ndipo m'caka cotsatira anatsata Zambezi kufikira ku nyanja yamcere. Atabwerera kwao, pa 4 Disembala 1857 analankhula kwa aphunzitsi ndi ophunzira a ku Cambridge. Anawafotokozera za mitundu ya anthu imene anaiona, ndi za malonda oipa a akapolo amene analikupasula midzi, nawapempha kuti atume anthu odzaphunzitsa Mau a Mulungu ndi kutsegula njira ya malonda abwino.

Cifukwa ca pempho limenelo anthu a masukulu akuru a Oxford ndi Cambridge, ndipo pambuyo pace a Durham ndi Dublin, anayambitsa mishoni imene inadzachedwa Universities' Mission to Central Africa, kapena mwacidule U.M.C.A. Ndalama zinasonkhedwa, koma mtsogoleri anasowa. M'caka ca 1859 Mackenzie anali atabwerera ku England, ndipo akuru a mishoni anampempha kuti atsogolere ulendowo. Iye anabvomera.

Anadzozedwa ubishopu ku Cape Town pa 1 Januwale 1861. Anzace a pa ulendo anali ansembe Procter, Scudamore ndi Rowley, Bwana Horace Waller woyang'anira katundu, mmisiri wa matabwa ndi mlimi. Panalinso Akristu akuda a ku Cape Town, monga Charles Thomas, William ndi Job, amene kale anali akapolo iwo eni, ndipo anadzipereka kuti akathandize kumasulira mau.

M'mwezi wa Febuluwale anakomana ndi Livingstone pa matsiriro a Zambezi, nakwera sitima yace yaing'ono yochedwa Pioneer. Poyamba anayesa kulowa m'dziko ndi mtsinje wa Rovuma, koma madzi anawacepera, ndipo anabwerera nakwera ndi Zambezi ndi Shire. Kawirikawiri sitimayo inalikutitimira pa mcenga. Pamenepo Bishopu sanakhale pansi ndi kupenyerera ai, koma analikukoka zingwe ndi kutema nkhuni pamodzi ndi anchito. Pa 8 Julayi anafika pa mudzi wa Chibisa, pafupi ndi Chikwawa, nayamba kukonzeka kukwera ku mapiri pansi.

Pa Mudzi wa Mbame

Pa ulendo wa ku mapiri anatsagana ndi Livingstone ndi anthu ace, amene anawatenga kwa Sekeletu pamene anapitanso ku Mosi-oa-Tunya m'caka ca 1860. Onsewo anachedwa Amakololo, ngakhale ambiri a iwo anali a mitundu yina ya m'mbali mwa Zambezi wa kumtunda. Bishopu anayenda atabereka thumba la mbeu, m'dzanja limodzi atagwira ndodo yace ya ubusa, ndi m'dzanja lina mfuti. Mudzaona m'nkhani yino cimene cina ciri conse ca ziwirizi cinabala.

Pa 16 Julayi 1861 anapumula pa mudzi wa mfumu Mbame. Bishopu atatsikira ku mtsinje kukasamba, panatulukira mzere wautali wa akapolo amene analikupita nao ku Tete. Amuna anali m'magoli, ndiyo mitengo yamphanda yotsekera m'khosi ndi citsulo, ndipo akazi ndi ana anali omangidwa ndi zingwe. Oyendetsa akapolowo anadza alikuomba malipenga, koma ataona Livingstone ndi Amakololo anataya zonse nathawira ku thengo.

Anthu amene anatsala anali 84, ambiri akazi ndi ana. Zingwe zinadulidwa ndi mipeni, koma magoli analimba, ndipo anacita kuwaceka ndi sowo wa m'katundu wa Bishopu. Anthuwo anauzidwa kuti aphike ufa umene anasenza, nasonkha moto ndi magoli omwewo. Ana anazizwa kwambiri, pakuti sanaonepo alendo omasula munthu ndi kumpatsa cakudya. Akuru anasimba zoopsa za m'njira, ndi za mai wina amene khanda lace linaphedwa cifukwa sanathe kunyamula mwana ndi katundu pamodzi.

Pobwera ku mtsinje Bishopu anapeza khamu limeneli liri pa bwalo. Anthuwo anauzidwa kuti ali mfulu, akhoza kupita kumene afuna. Koma akanapita kuti? Midzi yao inali yotenthedwa, makolo ao anaphedwa kapena kugulitsidwa, ndipo ana ang'ono sanadziwe ndi njira yomwe ya kwao. Mwana wosokera m'masiku amenewo akanagwidwanso dzuwa lisanalowe. Cotero anasankha kukhala ndi Bishopu, ndipo iye anawalandira onse. M'masiku otsatira analanditsidwa enanso, ndipo mwa iwo munali anyamata awiri Aciyao, Chuma ndi Wekotani.

Banja la ku Magomero

Mfumu ya Amang'anja, dzina lace Chigunda, inapempha Bishopu kuti akhale pa mudzi wace wa Magomero, m'dera la Chiradzulu, pakati pa malo amene lero pali mizinda ya Blantyre ndi Zomba. Mudziwo unali pa mtsinje wa Namadzi, pamene madzi akhota nazinga malowo mbali zitatu. Ku mbali yotsalayo anamanga linga la mitengo. M'kati mwace Bishopu ndi anzace anamanga nyumba za mitengo ndi udzu, iye mwini alikutema milimo ndi kuzika nsici. Posacedwa anthu a m'lingamo anapitirira 100.

Kulera ana ambiri cotero si nchito yamasewera. M'mawa muli monse, atatha mapemphero, maina a ana onse analikuitanidwa kuti aone ngati alipo wodwala kapena wosowa. Bambo Scudamore analikufoletsa anyamata ndi kuwayendetsa ndawala kufikira ku mtsinje, ndipo iye akapfuula onse analikudumphira m'madzi kukasamba. Pambuyo pace ena analikuphunzira zilembo, ena nalikulima kapena kuthandiza amisiri. Ana ambiri anafika ndi zilonda zazikuru, ndipo tsiku ndi tsiku Bwana Waller analikuzitsuka ndi kuzimanga, kufikira anadza Dotolo Dickinson kudzathandiza. Cakudya analikugula ku midzi ndi nsaru ndi mikanda, pakuti ndalama zinalibe nchito m'masiku amenewo.

Aphunzitsiwo analinso ophunzira. Sanadziwe Cimang'anja, ndipo analikufunsa anawo maina a zinthu ndi kuwalemba m'mabuku. Bishopu sanafulumire kubatiza anthu ace. Anati ayambe adziwa bwino cinenero, kuti angaphunzitse za Mulungu ndi mau olakwika. Kufikira nthawiyo anafuna kuti ana aone Cikristu ndi maso ao, m'kudyetsedwa, m'kubvekedwa, m'kuweruzidwa kolungama, ndi m'kusagulitsidwa konse.

Pali nkhani ziwiri zoonetsa mtima wace. Tsiku lina anapeza kamnyamata kotayidwa, koonda ndi njala, kali pafupi kufa. Anakanyamula, nayesa kukadyetsa, nakabatiza, nakagoneka pambali pace usiku wonse. M'mawa kanali katamwalira, ndipo anakaika m'manda mwaulemu monga mwana wa mfulu. Tsiku linanso, pobwerera ku Magomero ndi anthu olanditsidwa, anaona kamtsikana kakang'ono kolephera kuyenda. Bishopu, munthu wophunzira uja wa ku Cambridge, anakakweza pa mapewa ace nakasenza kufikira kwao. Dzina la kamtsikanako linali Daoma. Mulisunge dzina limeneli, pakuti tidzakomana nalonso.

Colakwa ca Bishopu

Mbiri yoona siibisa zolakwa za munthu, angakhale munthuyo ndi wabwino. M'zaka zimenezo Ayao ambiri analikulowa m'dziko la Amang'anja, ndipo panali nkhondo. Pa 23 Julayi Livingstone ndi Bishopu anapita kuti akalankhule nao, koma mau asanamveke mibvi ndi mfuti zinayamba. Pobwerera ku sitima yace Livingstone analangiza Bishopu kuti asalowe m'ndeu za mitundu.

Koma mafumu a Amang'anja anadza kawirikawiri kudzadandaula. Bishopu analikuona utsi wa midzi yopsa, ndi othawa nkhondo alikufika pa linga lace. Analingalira masiku ambiri, napemphera, ndipo potsiriza anabvomera kuwathandiza. Anayamba wapanganitsa mafumuwo kuti ogwidwa onse adzamasulidwa, ndi kuti iwo eni sadzagulanso kapena kugulitsa munthu. M'mwezi wa Ogasiti ndi wa Okutobala anatsogolera nkhondo, ndipo misasa ya Ayao inatenthedwa.

Pambuyo pace zinaoneka kuti mlanduwo sunali wapafupi monga anayesera. Ayao ambiri sanali ogula akapolo, koma anthu othawa nkhondo ndi njala kwao, ofuna malo okhala pamodzi ndi akazi ndi ana ao. Amang'anja ena naonso analikugulitsa anthu, ndipo sanasunge pangano lija. Ana ambiri a m'linga la Magomero anali Ayao. Tsono mfuti imene inamasula ana ena inasandutsa ena amasiye, ndipo kutentha minda ndi nkhokwe kunakuza njala m'dziko. Mbiriyo itamveka ku England, Akristu ambiri anatsutsa kuti si nchito ya mbusa kugwira nkhondo. Bishopu anacita zimenezi cifukwa ca cifundo, osati cifukwa ca kufuna dziko kapena cuma, koma anaweruza mlandu asanadziwe bwino anthu ndi cinenero cao. Anzace amene anatsala anaphunzirapo, naleka kumenya nkhondo.

Mabvuto enanso anacuruka. Magomero anali malo otsika, ndipo anthu anapanikizana m'linga. Dzinja litayamba cakudya cinasowa, nthenda ya kamwazi inabuka, ndipo ana ambiri ofoka anamwalira.

Imfa Yace

Bishopu analikuyembekeza mlongo wace Anne, amene analikudza pamodzi ndi mkazi wa Bambo Burrup, wansembe amene anafika ku Magomero m'mwezi wa Novembala. Anafunitsa kuti akazi amenewa adzalere ndi kuphunzitsa atsikana. Anapangana ndi Livingstone kuti adzakomane pa 1 Januwale 1862 pamene mtsinje wa Ruo uthira m'Shire.

M'mwezi wa Disembala Bambo Procter ndi Bambo Scudamore anapita kukafuna njira yacidule ya ku Ruo, koma pa mudzi wina analandidwa katundu, ndipo ena a amtengatenga ao anagwidwa. Bishopu anapita kukawalanditsa, natentha mudziwo. Ulendo umenewo unamtayitsa masiku ambiri, ndipo anabwera wotopa ndi wobvumbwa ndi mvula. Tsiku la pangano linapita iye akali ku mapiri.

Kuciyambi kwa Januwale anatsikira kwa Chibisa pamodzi ndi Bambo Burrup, nalowa m'bwato ndi Amakololo atatu. Usiku wina bwato linagubuduka. Anthu onse anapulumuka, koma mankhwala anatayika, pamodzi ndi kwinini yemwe, ndiye mankhwala a malungo. Pa 11 Januwale anafika pa cilumba ca Malo, pa matsiriro a Ruo, namva kuti Livingstone anapitirira kale kunka kunsi. Bishopu anatsimikiza mtima kudikira pomwepo, ndi kupalana ubwenzi ndi mfumu ya pa cilumbapo, poganiza kuti tsiku lina padzakhala sukulu.

Koma malowo anali a udzudzu, ndipo analibe mankhwala. Malungo anamgwira, mphamvu zace zinatha pang'ono pang'ono, ndipo pa 31 Januwale 1862 anamwalira, ali ndi zaka 36. Madzulo omwewo Amakololo anaolotsa mtembo, nalambula thengo pansi pa mtengo waukuru, nakumba manda. Bambo Burrup, ali wodwala kwambiri, anapemphera mumdima mapemphero a maliro amene anawakumbukira. Pambuyo pace Amakololo anamnyamula pa macila kunka naye ku Magomero, kumene anamwalira pa 22 Febuluwale.

Masiku omwewo amene Bishopu analikutsirizika, sitima ya mlongo wace inafika pa matsiriro a Zambezi. Anne ndi mkazi wa Burrup anakwera Shire m'ngalawa, napitirira manda aja osadziwa, ndipo anamva za maliro onse awiri atafika kwa Chibisa m'mwezi wa Marici. Anne anabwerera ku England, nagwira nchito yothandiza mishoni masiku onse a moyo wace.

Cimene Cinaoneka kwa Ana Aja

Bishopu atamwalira, anzace anasamutsa banja lija ku Magomero kunka nalo kwa Chibisa. Pamenepo kunagwa cilala, ndipo m'zaka za 1862 ndi 1863 njala yoopsa inapha anthu osawerengeka m'cigwa ca Shire. Bambo Scudamore anamwalira pa 1 Januwale 1863, ndi Dotolo Dickinson m'mwezi wa Marici. Bishopu watsopano, dzina lace Tozer, anaona kuti mishoni siingakhale m'dzikomo. Anaisamutsira ku phiri la Morambala, ndipo m'caka ca 1864 anapita nayo ku Zanzibar. Anthu ambiri anati nchito ya Mackenzie yafera m'mazira.

Nanga ana amasiye aja? Akuru ena anali atakwatira nalima minda yao, ndipo anatsala m'cigwamo pamodzi ndi Amakololo. Koma panali akazi ndi ana opanda wowasunga. Bwana Waller anakana kuwasiya, pokumbukira kuti Bishopu Mackenzie anawalandira monga ana ace. Livingstone anamthandiza kuwatsitsira ku nyanja, ndipo Waller anapita nao ku Cape Town, kumene Akristu anawalandira.

Chuma ndi Wekotani anaoloka nyanja ndi Livingstone kunka ku Bombay, m'dziko la India, nalowa sukulu ya mishoni ya Dotolo John Wilson. Kumeneko Chuma anabatizidwa m'caka ca 1865, nachedwa James. Anatsagana ndi Livingstone pa ulendo wace wotsiriza, ndipo Livingstone atamwalira pa mudzi wa Chitambo m'dziko lathu lino m'caka ca 1873, Chuma ndi Susi ndiwo anatsogolera anthu amene ananyamula mtembo wace miyezi 9 kufikira ku Bagamoyo, pa gombe la nyanja yamcere. M'caka ca 1874 anaitanidwa ku England, kumene anathandiza Waller yemwe uja, amene anamlera ku Magomero, kulongosola mabuku a ulendo a Livingstone.

Daoma, kamtsikana kaja ka pa mapewa a Bishopu, analeredwa ku Cape Town m'nyumba ya ana amasiye yochedwa St. George's Orphanage, imene anaiyang'anira Mai Mary Arthur. Anabatizidwa nachedwa Ann. Atakula sanacokemo, koma anakhala mphunzitsi pomwepo, naphunzitsa ana ang'ono zaka zambiri. Iye amene ananyamulidwa ananyamulanso ena.

Mbeu Inamera

Ku Zanzibar nakonso mishoni inayamba ndi ana. Mfumu ya cilumbaco inapatsa Bishopu Tozer anyamata 5 olanditsidwa m'ngalawa ya akapolo, ndipo iwo ndiwo anali ophunzira oyamba. Mmodzi wa iwo, John Swedi, anadzozedwa udikoni m'caka ca 1879. Sukulu ya Kiungani inakula, niturutsa aphunzitsi ndi ansembe. M'caka ca 1885 mishoni inakhazikika pa cilumba ca Likoma m'Nyanja ya Malawi, ndipo masukulu anafalikira m'mbali mwa nyanjayo.

M'caka ca 1910 Bishopu John Hine, amene kale anali bishopu wa ku Likoma ndi wa ku Zanzibar, anafika ku Livingstone kudzakhala bishopu woyamba wa Northern Rhodesia, ndilo dziko limene linachedwa Zambia m'caka ca 1964. Pamenepo mpamene chalichi ca St. Andrew cinamangidwa. Wansembe Leonard Kamungu, Mcewa wa ku Chia pafupi ndi Nkhotakota, amene anaphunzira ku Kiungani, anadzagwira nchito ku Msoro, kum'mawa kwa dziko lino, namwalira komweko m'caka ca 1913. Cotero nchito imene inayamba ndi pempho la munthu amene anaona Mosi-oa-Tunya inazungulira njira yaitali, kupyola ku Magomero, ku Zanzibar ndi ku Likoma, nibweranso ku mathithi omwewo zitapita zaka 53.

Tsono taonani zinthu ziwiri zija zimene Bishopu anagwira pokwera ku mapiri. Mfuti inambweretsera adani, njala ndi citonzo, ndipo inamcedwetsa pa ulendo umene anafera. Koma nchito ya ndodo ya ubusa, ndiyo kudyetsa, kutsuka zilonda, kuphunzitsa ndi kunyamula ofoka, inabala zipatso zimene iye mwini sanazione.

Magoli anatha kale, koma umasiye sunathe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 nthenda ya Edzi inasiya ana ambiri opanda makolo m'Zambia ndi m'Malawi, ndipo agogo, amalume, azakhali ndi mipingo anawalandira ndi kuwatumiza ku sukulu. Makolo athu anadziwa cimeneci Azungu asanafike, pakuti anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukacenjera manja udya naye. Kapena m'kalasi mwanu momwemo alimo mnzanu amene alibe atate kapena amai, amene amadza m'mawa osadya kanthu, kapena alibe colembera. Inu simungathe kummangira nyumba. Koma mukhoza kumgawira mbatata yanu, kuwerenga naye buku limodzi, ndi kumleka osamtonza. Elizabeth sanadziwe kuti kamlongo kace kamasiye kadzakhala bishopu, ndipo Bishopu sanadziwe kuti Daoma adzakhala mphunzitsi. Anangoona mwana wosowa, namthandiza.

Mafunso

1. Ndani analera Charles Mackenzie atate wace atamwalira?
2. Cifukwa ninji anthu olanditsidwa pa mudzi wa Mbame sanabwerere kwao?
3. Fotokozani nchito za tsiku limodzi za ana a ku Magomero.
4. Kodi Bishopu analakwa ciani pa nkhani ya Ayao ndi Amang'anja?
5. Lembani mwacidule mbiri ya Chuma kapena ya Ann Daoma.
6. Pezani pa mapu malo awa: Livingstone, Tete, Chikwawa, Likoma, Zanzibar ndi Cape Town.